Za type 1 ndi type 2 zija, tamvera mphwanga

Eee mphwanga, meseji yako ndaiona m'gulumu, wati type 1 error ndi type 2 error za mu statistics zija zakusokoneza mutu ndipo mayeso ndi Lachisanu. Zoti ndilembe ndi zala zangazi kungatichere, bola ndingoyankhula, ndili pa Chinkhoma kudikira minibasi ndiye upirire phokosoli.

Ganiza za kukhoti. Ku America mlandu ukakhala waukulu amakhazika anthu wamba 12, amati jury, iwowo ndi amene amanena ngati munthu walakwa. Tsono munthu polowa m'khoti amamutenga kuti ndi wosalakwa mpaka umboni umugwire, ngakhale malamulo oyendetsera dziko lathu lino amatero pa gawo 42. Null hypothesis yako ndi imeneyo, poyambira pomwe. Umboni ndiye data ija, ndipo wobweretsa ndi wodandaula, osati woimbidwa mlandu ayi.

Ndiye anthu 12 aja akhoza kuphonya pawiri. Munthu sanabe mbuzi koma amumanga, type 1 imeneyo, wakana null pamene ili yoona. Kapena anabadi, nyama anadya ndi ana ake mpaka chipapa anayanika kuseri, koma watuluka akuseka poti umboni unachepa, type 2 imeneyo. Ka 0.05 kamene aphunzitsi ako amakakonda kaja, alpha, nkunena kuti pa anthu 100 osalakwa ndalolera kuti mwina 5 ndiwamange molakwitsa. Ku khoti 5 ndi ambiri zedi, loya wina wa ku England William Blackstone analemba kalekale kuti bola olakwa khumi apulumuke kusiyana nkuti wosalakwa mmodzi azunzike, ndipo ine ndimagwirizana naye, ndende si kocheza. Koma ukakhwimitsa, wati 0.01, dziwa kuti akuba ambiri azipulumuka, ukapondereza kuno kumatukuka uko. Kuti zonse ziwiri zichepe pafunika mboni zambiri, kwa iwe ndiye kuti sample, anthu kapena zinthu zimene watengako data zija, ikule basi.

Tsono apa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi, tchera khutu. Ukukumbuka chaka chija mbuzi ya agogo ako itasowa, yakuda ya banga pamphumi ija? Tinapita pabwalo kwa amfumu, mboni inali imodzi yokha, mayi wina amene anati anaona munthu wamtali akudutsa kudimba usiku, nkhope sanaione. Amfumu anamumasula mnyamata uja. Agogo ako anabwera atapsa mtima, nsima sanadye, ati ndiye amfumu akuti sanabe? Ine nkuwauza kuti ayi amayi, amfumu sananene kuti sanabe, anena kuti umboni sunakwane, nzosiyana zimenezo. Mpaka lero sitidziwa, mwina tinapanga type 2 tsiku lija mwina ayi.

Ndiye p-value yako, nambala yoonetsa mpata wopeza umboni ngati wakowo pamene null ili yoona, ikaposa 0.05 usakalembe kuti accept, ulembe kuti fail to reject, null sinapambane, yangopulumuka poti umboni wachepa.

Aaa minibasi ija yafika, kondakitala akundikoka chikwama. Ujambule funso lakuvutalo uponye muno ndilione ndikafika pa boma, uwapatse moni amayi ako uwauze ufa uja nditumiza Loweruka.