Pologalamu yako pa wailesi ya m'dera: mawu okoma okha sakwanira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Bangula, dzina ndasunga. Akuti: "Ankolo, ndinalemba MSCE ndikupeza mapointi 32, ku yunivesite sananditenge. Anzanga onse amati ndili ndi mawu a pa wailesi. Ndikufuna ndikapemphe pologalamu ya nyimbo ndi moni pa wailesi ya kwathu kuno ngati volontiya koma bambo akuti zimenezo nzachibwana, ndibwereze Fomu 4 ndidzakhale namwino. Kalata yake ndilembe bwanji? Nanga amayamba kulipira pakapita miyezi ingati?"

Mwana wanga, makalata ngati akowa ndalandira ambirimbiri ndipo onse amabwera ndi nkhani yomweyi ya mawu okoma. Ndiyambe ndi chowawacho. Ndalama iwala. Wailesi ya m'dera si MBC kapena Zodiak, laisensi yomwe MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, imapereka kwa wailesi zoterezi ndi yotumikira dera osati yopangira phindu, ndiye kandalama komwe amapeza pa malonda ndi mauthenga a maliro kamathera ku magetsi, mafuta a jenereta ndi kukonza zipangizo. Mwina bungwe lina likalipirira pologalamu udzalandirako ya thiransipoti, komatu usakonzere bajeti pamenepo. Ngati ukuwerengera miyezi yoti malipiro ayambe, bola osayamba nkomwe, chifukwa avolontiya omwe amasowa sabata yachitatu ndi amene amachititsa kuti amanejala azikayikira achinyamata onse.

Zoti nyimbo ndi moni ndiye zisiyiretu. Aliyense amene amagogoda ku wailesi za kwanuko, Gaka kapena Nyathepa, akufuna zomwezo, kutchula maina a anzake ndi kuika nyimbo, ndipo nthawi imeneyo ili kale ndi eni ake. Chimene wailesi imasowa ndi munthu woti akwere kabaza apite kumudzi ndi foni, akhale pansi pa mtengo ndi amayi, awajambule akulankhula Chisena kapena Chimang'anja chawo osawakonzera mawu. Iwe uli ku chigwa cha Shire, nkhani zili pakhomo pako. Alimi a thonje ndi chitowe akulira ndi sikelo za mavenda, asodzi a ku Elephant Marsh akulimbana ndi ng'ona, atsikana anzako akusiya sukulu kukalowa m'banja, agogo oimba ulimba akutha osajambulidwa. Nanga madzi osefukira? Unalipo mu Januwale 2022 pa namondwe Ana komanso mu Malichi 2023 pa Freddy, ukudziwa kuti mseu ukaduka ndipo anthu a ku Makhanga atsekeredwa tsidya, kawailesi ka mabatire ndi komwe kamauza anthu kumene kuli msasa ndi kumene boti likubwera. Pologalamu yomasulira uthenga wa azanyengo m'chilankhulo choti agogo ako amve, imeneyo manejala wanzeru aimvetsera mpaka kumapeto.

Usanalembe chilichonse mvetsera wailesiyo sabata yathunthu ndi kope m'manja, uone zomwe zilipo kale ndi pomwe pali mpata. Kenako kalata ikhale ya tsamba limodzi basi, yopita kwa manejala kapena mkulu wa mapologalamu. Unene dzina la pologalamu, ukulankhula ndi ndani, m'chilankhulo chanji, mphindi zingati (yamba ndi 15, mphindi 60 zidzakumiza), ndipo chofunika kwambiri ulembe mitu ya masabata 8 oyamba ndi anthu omwe udzacheze nawo pa mutu uliwonse, kaya mlangizi wa zaulimi, a HSA (azaumoyo a m'mudzi), nyakwawa kapena aphunzitsi. Apa ndi pomwe ambiri amagwera chifukwa mutu ali nawo ndi umodzi wokha ndipo sabata yachiwiri alibe chonena. Unenenso mmene uzifikira ku situdiyo, amanejala amafuna kudziwa zimenezo kuposa mapointi ako.

Jambula chitsanzo cha mphindi 5 pa foni, m'mamawa dzuwa lisanayambe kuwotcha ndi njinga zamoto zisanayambe kusokosa, m'nyumba osati panja pamphepo. Lankhula mmene umalankhulira ndi azakhali ako, usamakometse mawu ngati wa ku Blantyre. Kalatayo ukapereke pamanja wekha. Akakuuza kuti yamba ndi kuwerenga mauthenga a maliro kapena kunyamula rekoda ya wina, vomera, kutchula bwino dzina la malemu ndi mudzi wawo ndi ntchito yolemekezeka ndipo ndi pomwe amakuonera ngati uli wosamala. Ukadzapatsidwa maikolofoni, mphekesera za pa mjigo zisadzatuluke pakamwa pako, ukanyoza munthu pa wailesi mlandu umagwera sitesheni yonse.

Tsopano inu bambo. Mwayang'anako satifiketi ya mwana wanuyo musanamusankhire unamwino? Unamwino umafuna makirediti a sayansi, ndipo ngati Biology ndi imene inamugwetsa, kumukankhira komweko chifukwa choti mwana wa aneba anavala yunifomu yoyera ndi kungomutayitsa chaka china. Zimanditopetsa zedi kuona makolo akutcha chibwana chinthu chomwe iwo omwe amachitsegula m'mawa uliwonse kuti amve za maliro ndi mitengo ya mbewu. Komabe pa zobwereza mayeso sindikutsutsani konse. Mwana wanga, pologalamu ya mphindi 15 siidya sabata yonse, ungathe kulembetsanso mayeso nkukonza makirediti ako makamaka Chingerezi, chifukwa ukadzafuna satifiketi kapena dipuloma ku sukulu ya utolankhani ya MIJ ku Blantyre, kapena digiri ya utolankhani ku yunivesite ya MUBAS, adzafunsa pepala osati zomwe anzako ankanena za mawu ako.

Ndikuganiza kuti ungathe, poti wafunsa za kalembedwe ka kalata, ambiri amangopita nkukaima pa geti. Koma sindikuyamikira panopa ayi. Udzandilemberenso mu Febuluwale mvula ili pakati, matope ali m'mawondo, undiuze kuti mwa masabata 8 aja unafika ku situdiyo kangati.