Kotsatira Bafana pa World Cup ya 2026: mizinda ndi mapepala

Achimwene, mukonzekere mizinda itatu m'mayiko awiri. Bafana, timu ya mpira ya South Africa, ikutsegulira mpikisano ndi Mexico pa 11 June ku Estadio Azteca mu Mexico City, kenako ikupita ku Atlanta ku America pa 18 June, n'kubwerera ku Mexico kukakumana ndi South Korea ku Monterrey pa 24 June. Fainolo ili ku MetLife Stadium ku New Jersey pa 19 July.

Musayerekeze ndi World Cup ya 2010 kuno ku South Africa, pamene munthu ankaonera mpira ku Soccer City ku Joni lero, mawa ku Loftus ku Pretoria. Uku pakati pa mizindayi ndi ndege basi.

Chovuta kwambiri ndi mapepala. Tikiti ya mpira si visa. Ndege yochoka pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni kupita ku Atlanta ilipo, koma ku America ngakhale mukungosinthirako ndege amafunabe visa. Malamulo a anthu a pasipoti ya Malawi akhala akusintha, choncho musanalipire kalikonse funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Sandton ndi ya Mexico ku Pretoria. Onaninso kuti pemiti yanu ya kuno isathe muli kunja, apo ayi kubwerera ku Joni kudzavuta. Loya wa za imigireshoni akuthandizani pamenepa. Matikiti gulani kwa FIFA kokha, osati kwa anthu a pa WhatsApp.

Mexico City ili pamtunda wa mamita oposa 2,200, kuposa Johannesburg. Ngati muli ndi vuto la mtima kapena BP, kaonaneni ndi dokotala musananyamuke.