Nissan 1400 yotsitsa ikumenya pansi kutsogolo, yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nchalo, ndingofupikitsa zomwe analemba. Akuti ali ndi Nissan 1400 yomwe anawasiyira malemu bambo awo, anaipentetsa bwinobwino, anaika malimu a 15, kenako mnyamata wina wa pagalaji anawadulira masipuling'i akutsogolo makoyilo awiri mbali iliyonse kuti galimoto ikhale pansi. Pano akuti ikaponda dzenje ikumveka gu! mpaka m'mano, matayala akutsogolo akudyeka mkati, ndipo potsetsereka mapiri aja kuchokera ku Blantyre kutsikira pa Thabwa chiwongolero chimakoka chokha akadumpha kabampu. Nde akufunsa kuti agule ma coilover (shoki ndi sipuling'i zophatikizana zomwe umatha kukweza kapena kutsitsa) omwe akuwaona pa Facebook, kapena aitanitse masipuling'i otsitsira ku Joni, kapena angochotsa kutsogolo konse aikepo za galimoto ina.

Achimwene, poyamba pepani za bambo, komanso zikomo kuti galimotoyo simunaipereke kwa ogula zitsulo. Ka 1400 nkolimba zedi, ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria anakapanga mpaka 2008 pomwe kanalowedwa m'malo ndi NP200, ndipo thupi lake ndi lomwe lija la Datsun 1200 ya m'ma 1970, nchifukwa chake zipangizo zake zimapezekabe mpaka lero. Koma ndikuuzeni mosabisa, musanatulutse ndalama ya coilover dziwani kuti chomwe chasowa kutsogoloko ndi malo oti tayala lisewere. Malowo anapita limodzi ndi makoyilo anadulidwa aja.

Kutsogolo kwa 1400 kuli ma strut, ndiye kuti shoki ili mkati mwa paipi, sipuling'i yakhala pamwamba pake, pansi pali mkono umodzi wokha uja timati control arm, ndi kandodo kochoka pamkonowo kupita kutsogolo komwe ena amati tension rod ena castor rod. Mukadula sipuling'i thupi la galimoto limatsika inde, koma paipi ya strut ija kutalika kwake sikunasinthe, nde ndodo ya shoki imakhala italowa kale mkati galimoto ili chiimire isanaponde ngakhale dzenje limodzi. Yatsala ndi masentimita mwina awiri kuti ifike pa kalabala ka bump stop koletsa shoki kulowa mpaka kumapeto, ndipo gu! mukumumvayo ndi ameneyo, shoki yathera panjira ndipo mphamvu yonse ya dzenje ikupita ku chitsulo cha thupi pamwamba pomwe strut imamangidwa. Pa galimoto ya zaka zimenezi malo amenewo amayamba kung'aluka pang'onopang'ono, katsegulenitu boneti muone ngati penti sanayambe kusweka mozungulira maboti aja.

Chinanso sipuling'i yodula imauma kuposa momwe inalili komanso imafupika, moti mukaikweza pa jeke tayala nkulendewera mupeza kuti sipuling'iyo ikugwedera mutha kuizunguza ndi dzanja. Zimenezo pamsewu zimachitikanso mukadumpha hampu mothamanga, imatha kuchoka pampando wake nkukhala mopingasa. Bola inu anakudulirani ndi grinder, ndinaonapo ina pagalaji ina yomwe anaiwotcha ndi gasi kuti ikhale pansi, chitsulo chinafa, mbali imodzi inatsika kuposa inzake ndipo pasanathe miyezi ingapo inathyoka mwini wake atanyamula matumba a thonje. Zimenezo musalole munthu akuchitireni ngakhale atati ndi zaulere.

Pangani kaye ichi mawa lomwe, sichilira ndalama. Tengani cable tie mumange pa ndodo ya shoki pansi penipeni pomwe imalowera m'paipi, galimoto itaima pamalo osalala, kenako muyende kuchoka pa Nchalo kukafika pa Ngabu nkubwerako mmene mumayendera masiku onse. Mukafika kayang'aneni. Ngati cable tie yakankhidwa mpaka kukapanikizika pa bump stop ndiye mwadzionera nokha. Ine ndimafuna galimoto ya kuno ikhale ndi masentimita osachepera 5 oti shoki ilowe isanagunde.

Nkhani ya chiwongolero chokoka chokha ndi yomwe yandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa makona a m'mapiri aja sakhululuka, mbali inayo ndi phompho ndipo kutsogolo kukubwera thiraki ya shuga. Galimoto isanatsitsidwe mkono wapansi ndi tie rod, ndodo yomwe imakhotetsa tayala mukazunguza chiwongolero, zimakhala pafupifupi chogona, zikuyendera limodzi. Mukaitsitsa kwambiri zonse ziwiri zimaloza m'mwamba kumbali ya tayala, nde tayala likakwera pa bampu tie rod imalikoka nkulipotoza pang'ono inu chiwongolero musanachigwedeze nkomwe, amakaniko amati bump steer. Kupendekera komweko kwa mkono kumachititsanso kuti galimoto izigonera kumbali pakona kuposa momwe mumayembekezera, anthu amadabwa kuti bwanji yatsika koma ikuyendayendabe ngati bwato la pa Shire. Ubwino wa Datsun zimenezi ndi woti steering arm imamangidwa pansi pa strut ndi maboti awiri, nde pali tizitsulo tomwe amatiika pakatipo totchedwa roll centre adjuster, timatsitsa mkono ndi tie rod kubwerera chogona. Gulani tomwe tinapangidwira galimotoyi ndi maboti ake aatali olimba, osati kukasemetsa chitsulo chilichonse nkumangira maboti a pa hardware, pamenepo ndi pomwe pagwira moyo wanu.

Kudyeka kwa matayala mkati nkosavuta kumvetsa, mutatsitsa, toe (komwe matayala aloza, mkati kapena kunja) ndi camber (kupendekera kwa tayala) zinasuntha ndipo ndikukaika ngati munapita ku alayimenti. Toe ndi amene amamaliza tayala msanga.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Kusintha kutsogolo konse kuika za galimoto ina ine ndikukanizani basi, ndi ntchito yodula ndi kuwotcherera thupi, imafuna munthu woyeza ndi zida zenizeni, ikalakwika simungaibweze ndipo ku COF mukavutikanso nayo. Ma coilover otchipa a pa Facebook aja nawonso ndilibe nawo mtima. Ambiri anapangidwira misewu yosalala, masipuling'i ake ndi ouma kwambiri pa kagalimoto kopepuka chonchi, ndipo ulusi wake uli pabwalo, fumbi la kuno ndi matope zikalowamo pakatha nyengo imodzi ya mvula simungathenso kuzunguza kolala yokwezera ndi kutsitsira galimoto. Taganizani mmene M1 inadukira nthawi ya namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023, tonse tinkadutsa m'madzi ndi m'njira zapambali, ndipo ngati muli ndi abale ku East Bank kapena mumapita ku Bangula ndi Nsanje boma mukudziwa kuti phula labwino limatha mosatsanzika. Ikaphulika shoki ya coilover yotere simudzapeza yolowa m'malo mwake ku Limbe kapena ku Ndirande, mudzagulanso seti yonse.

Ndikanakhala ine ndikanapanga chonchi. Masipuling'i odulawo atayidwe, ndiitanitse otsitsira enieni a 1400 ku Joni omwe amatsitsa masentimita 3 kapena 4 basi osapitirira apo, galimoto imaonekabe yokhala pansi bwino koma tayala limapeza popumira. Mkati mwa ma strut ndiikemo ma insert atsopano a gasi, ndiye kuti shoki zolowa m'paipi zija, kaya Gabriel kaya KYB kaya Monroe bola akhale enieni ogulidwa kushopu yodziwika, ndikunena a gasi chifukwa cha kutentha kwathu kuno, October ndi November timadutsa madigiri 40 ndipo shoki ya mafuta okha ikagwira ntchito pa msewu wa mabampu mafuta amachita thovu nkufooka mukadali panjira. Bump stop yatsopano yofupikirapo komanso kalabala kophimba fumbi kaja musakaiwale, anthu amakataya kumati nkosafunika pomwe ndi komwe kamateteza seal. Pochotsa ma insert akale suzumirani m'paipimo, galimoto zambiri zomwe zinawoloka madzi osefukira zili ndi dzimbiri pansi pake.

Ngati mtima wanu wakakamira ndithu kuti ikhale pansi kuposa pamenepo, njira yoona ndi kufupikitsa paipi ya strut yanu yomweyo, kuikamo insert yaifupi, nkuwotcherera sleeve ya ulusi ndi sipuling'i yofewerapo, pamwamba camber plate yosinthira kupendekera kwa tayala, pansi roll centre adjuster zija. Imeneyo ndiye coilover yomwe ndingaivomereze chifukwa galimoto imatsika koma ulendo wa shoki umatsalabe, ndipo insert ikatha mumangosintha iyo yokha. Koma imafuna wowotcherera wodziwa wa ku engineering shop amene adzaiwongola paipiyo bwinobwino, ndipo sampu ya injini yanu idzakhala pafupi ndi mahampu a pa Dyeratu, mudziwiretu.

Zonsezi zisanachitike yambani ndi zakale zomwe zatha, apo ayi mungotaya ndalama. Ma ball joint, ma tie rod end, idler arm, mabushi a mkono, komanso steering box chifukwa 1400 ilibe rack ili ndi bokosi lomwe limayamba kusewera likakalamba. Pa mabushi pali msampha umodzi womwe ndikufuna muusamale. Anyamata ambiri amakonda aja ofiira a polyurethane, pa mkono ndi pa stabiliser ali bwino, koma pa tension rod ikani a labala wamba. Kandodo kaja kamafuna kupinda m'mwamba ndi pansi limodzi ndi mkono, mukakamanga ndi mabushi ouma mbali zonse ziwiri kamatopa pa ulusi nkuthyoka, ndipo kakathyoka tayala limabwerera m'mbuyo nthawi yomwe mwaponda buleki.

Malimu a 15 aja ndikudziwa amakongola ndipo mwina munawagula modula, koma tayala lopyapyala lilibe mnofu womeza dzenje, nkhonya yonse ikupita ku limu ndi ku strut. Ine pa 1400 ya kuno ndimakonda 13 kapena 14 ndi tayala lokhuthala m'mbali, mutha kuwasinthanitsa ndi munthu wa mtauni amene sayenda kwathu kuno. Kumbuyo simunanene kuti munatsitsa bwanji, ngati munachotsa malifu a sipuling'i ndiuzeni chifukwa nayonso ndi nkhani, makamaka ngati mumanyamula katundu.

Mukamaliza zonse pitani nayo ku Blantyre ku alayimenti ya makina, pokwera mapiri muyende pang'onopang'ono popeza toe idzakhala yongoyerekeza ndi chingwe. Musanagule kanthu ndilembereninso, munditumizire chithunzi cha cable tie ija mutabwerako ku Ngabu, china cha mkono wapansi mutachijambula kuchokera kutsogolo galimoto ili pansi, ndi muyezo wa kuchokera pakati pa limu kufika pa mlomo wa mudguard mbali zonse ziwiri, ndikuuzani sipuling'i yoti muitanitse.