Vinyo wakale wa pinot noir: wawonongeka kapena wakhwima?

Funso: Akulu, mlamu wanga anandibweretsera mabotolo awiri a vinyo wa pinot noir wa ku Bourgogne, ku France, wa chaka cha 2010. Nditatsegula limodzi, vinyoyo anali wotumbuluka, m'mphepete mwa tambula muli mtundu wa njerwa yowotcha. Kodi wawonongeka?
Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Bambo, mtunduwo usakudetseni nkhawa. Mphesa za pinot noir zili ndi khungu lopyapyala, choncho vinyo wake sakhala wakuda ngakhale ali watsopano, ndipo akamakula kufiira kwake kumazilala.

Chimene chingakuuzeni zoona ndi mphuno. Vinyoyu akakhwima bwino, fungo la zipatso zofiira limachepa, ndipo pamatuluka fungo la bowa, la masamba ouma ndi la dothi lonyowa, limene okonda vinyo wa ku Côte de Nuits, dera lina la ku Bourgogne, amalidikira zaka zambiri. M'kamwa ayenera kukhala wofewa, wowawasa pang'ono, ndipo kukoma kwake kuzitsalira mukameza. Koma akamanunkha viniga kapena katoni yonyowa, ameneyo wawonongeka.

Chimene ndikuopa ine ndi kutentha kwa ku Chipata mu Okutobala, chifukwa kumakalambitsa vinyo msanga. Botolo lotsalalo musalisungenso nthawi yaitali. Liimikeni tsiku lathunthu kuti nsenga zikhale pansi, liziziritseni kufika madigiri 15, zulani chotsekera mosamala popeza chakale chimanyenyeka, ndipo mumwe madzulo omwewo.