Ndisiye ntchito ku Lilongwe ndikaphike ku loji ya ku nyanja?

Mbale wathu wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera pa imelo. Iyeyu ndi wophika pa lesitilanti ina ku Old Town, ndipo mwini loji ina ya ku Cape Maclear akumufuna kuti akagwire ntchito kumeneko. Salale yake ndi yotsikirapo poyerekeza ndi imene akulandira panopa, koma amulonjeza kanyumba ndi chakudya cha masana. Mayi a kunyumba kwake akuganiza zokatsegula okala konko. Funso lake lili pawiri: n'chifukwa chiyani ntchito imodzimodzi imalipidwa mosiyana m'tauni ndi ku nyanja, nanga n'zoona kuti Mangochi amadyera alendo, moti munthu angasamutse banja n'kudalira zimenezo?

Achimwene, zikomo pondiuza nkhani ya pakhomo panu. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa yankho la loyamba lili m'kati mwake.

Boma la Mangochi ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo sanapondemo m'loji chibadwire. Wa ku Namwera ndi ku Katuli amadalira munda, wa ku Makanjira amadalira munda ndi nsomba, ndipo nyumba zambiri za malata zimene mumaziona m'mbali mwa msewu zinamangidwa ndi ndalama za ana amene ali ku Joni. Mahotela ndi maloji anandanda pa kamzera kopapatiza ka m'mphepete mwa madzi, kuchokera cha ku Nkopola ndi ku Makokola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Mukangochoka pa mchenga n'kulowera kumtunda pang'ono, ndalama ya mlendo simuimvanso fungo. Choncho munthu akamati Mangochi ndi boma la zokopa alendo, akunena za kamzera kameneko. Ineyo ndimaona kuti funso loti dera likudalira alendo motani limayankhika bwino pa mudzi ndi mudzi, ngakhalenso khomo ndi khomo.

Tsono tiyeni ku mudzi umene mukufuna kupitako. Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna za m'miyala zija. Kumeneko alendo alikodi, ndipo maloji angoti ndii m'mbali mwa gombe. Koma mukadzuke m'bandakucha mukaone amene ali pa mchengapo. Mabwato amene usiku wonse anali kuwala ndi nyali pakati pa nyanja akukocheza, alovi akutsitsa usipa m'zidebe, amayi ogula nsomba akukangana mitengo ndalama zili kumanja, ena ayamba kale kuyanika pa thandala. Usipa umenewo ukauma ulowa m'matumba wa ku Limbe ndi ku Lilongwe. Dzuwa likakwera m'pamene anyamata operekeza alendo amayamba kuyendayenda m'maloji, kufunsa amene akufuna kupita ku chilumba cha Thumbi kukasambira ndi mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba. Mchenga ndi umodzi, koma ndalama zikuyendapo ndi ziwiri, ndipo sizikumanakumana.

Apa m'pamene pali nkhani ya okala ya alamu anga. Mlendo amadya m'loji, amamwa m'loji, akatuluka agula chosema kapena chitenje basi. Odzagula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mayunitsi ndi alovi, ogula nsomba ndi mabanja a m'mudzimo. Ndiye kuti okalayo idzayendera kalendala ya nsomba. Mwezi ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, ndalama imachepa. Mwera ukavuta m'miyezi yozizira mabwato amagona pa gombe. Kumapeto kwa chaka boma limatseka nyanja kwa makoka ena kuti nsomba ziswane. Izi sizoipa ayi: zikutanthauza kuti banja lanu lidzakhala ndi ndalama zochokera mbali ziwiri zimene sizimauma tsiku limodzi. Pa zonse zimene mwandilembera, ganizo la okalali ndi limene landikhazika mtima pansi kuposa ntchito yanuyo.

Nanga mlendoyo ndani? Ambirife tikamva zokopa alendo timaona mzungu wa chikwama kumsana. Koma mahotela akuluakulu a pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay ali ndi zipinda za misonkhano, ndipo pakati pa sabata odzazamo ndi Amalawi anzathu a m'boma ndi m'mabungwe amene abwera ku maphunziro ndi zokambirana. Ku Cape Maclear kumadalira kwambiri alendo akunja ndi a m'tauni obwera kumapeto kwa sabata. Gulu lililonse lili ndi chimene chimalithamangitsa. Mu 2020, COVID-19 itafika, ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa mu April mpaka mabwalo anatsegulidwanso mu September, ndipo maloji odalira akunja anangoti zii. Kolera wa 2022 ndi 2023 anakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera n'kumiza magombe, n'kulowa m'zipinda za maloji ena ku Mangochi ndi ku Salima. Mu January 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, mabungwe ambiri anachepetsa ntchito, ndipo bungwe likamachepetsa ntchito, msonkhano wa ku nyanja ndi umene umayamba kudulidwa. Boma nalo likafuna kusunga ndalama limalamula kuti misonkhano izichitikira m'maofesi. Onjezani kusowa kwa mafuta a galimoto: munthu wa ku Lilongwe satsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti asakudziwa ngati akapeza petulo wobwererera.

Ngakhale chaka chopanda tsoka chili ndi miyezi yake yowuma. Alendo akunja amakonda nyengo yopanda mvula. Amalawi amakhamukira ku nyanja pa Isitala, pa tsiku la Anakubala la 15 October ndi pa Khirisimasi. Ngati munakaona lojiyo pa masiku amenewa, munaona chikomekome cha mkuyu. Kaioneni mu February mvula ili mkati, muwerenge matebulo amene ali ndi anthu madzulo a Lachitatu.

Tsopano za malipiro. M'dziko muno malipiro amaikidwa m'njira zingapo, ndipo kusiyana kwa madera kumaoneka m'njira imodzi yokha. Wogwira ntchito m'boma, kaya mphunzitsi, namwino kapena wapolisi, amalandira malinga ndi giredi yake, akhale ku Area 18 kapena ku Monkey Bay. N'chifukwa chake mphunzitsi wa ku mudzi, amene lendi yake ndi yochepa, nthawi zina amasunga ndalama kuposa mnzake wa m'tauni. Pansi penipeni pali malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza, ndipo awa sasiyanitsa dera ndi dera: anali K50,000 pa mwezi, mu 2024 anakwera kufika K90,000, mu 2025 anafika K126,000. Alonda, osesa m'zipinda, ochapa ndi osamala maluwa m'maloji ambiri amazungulira pamenepo, chimodzimodzi othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndiponso lamuloli limafika kwa olembedwa bwinobwino okha. Kafukufuku wa anthu apantchito amene ofesi ya boma yoona za kalembera ya NSO ku Zomba inachita mu 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito anali m'ntchito zosalembetsedwa, za maganyu, geni ndi minda ya pakhomo.

Inuyo muli pakati, pamene salale imachokera pa kukambirana kwa inu ndi bwana. Ku Lilongwe wophika wodziwa ntchito akakhumudwa pamalo ena, mawa amakagogoda pa hotela ina, pa lesitilanti ina, ku nyumba za akazembe kapena kwa ophikira maukwati. Olemba ntchito ndi ambiri, ndiye amakakamizika kukweza. Ku Chembe olemba ntchito ndi ochepa, amadziwana, ndipo pa geti pamakhala achinyamata ambiri okonzeka kulandira chilichonse. Mwini loji amawerenganso kuti ndalama ya miyezi yodzaza idyetse miyezi yopanda anthu. Zifukwa ziwirizi ndi zimene zatsitsa salale imene akupatsaniyo.

Komabe musadziderere. Wosesa amapezeka m'mudzi momwemo, koma wophika wodziwa kuphika buledi, kukonza chambo m'njira zingapo, kusunga ukhondo ndi kuwerengera zogula kuti pasatayike kanthu, sapezeka wamba ku gombe. Akanakhalapo sakanakutsatani ku Old Town. Muli ndi mphamvu yonenerera, ndipo muigwiritse ntchito musanakwere basi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka, ndipo ndichinena poyera. Maloji ambiri olandira alendo akunja amawerengera mtengo wa chipinda m'madola, koma antchito amawalipira m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse ya mlendo inayamba kubweretsa makwacha ambiri tsiku lomwelo, pamene salale ya wochapa mashiti inadikira miyezi. Inde, eni maloji nawo ali ndi zowawa zawo, chifukwa tchizi, vinyo, dizilo wa jenereta ndi zipangizo za mabwato zimachokera kunja ndipo zinakwera pamodzi ndi dola. Ndalama yambiri ya mlendo imatuluka m'mudzimo kudzera m'katundu ameneyu, yotsala m'manja mwa anthu a pamalopo ndi ya nsomba, masamba, nkhuni ndi malipiro. Koma loji imene imadziwa kusintha mitengo ya pa menyu mwezi womwewo ikhoza kusinthanso malipiro mwezi womwewo. Kuchedwetsako ndi chisankho cha munthu. N'zosadabwitsa kuti mnyamata wa ku Mangochi akamva kuti ku South Africa malipiro ochepetsetsa anafika R28.79 pa ola mu March 2025, amayamba kufunsa za pasipoti.

Musawerengerenso matipi ngati kuti ndi anu. Tipi imagwera amene mlendo wamuona nkhope: woperekera chakudya, wa pa bala, woyendetsa boti. Wophika amakhala kuseri, pa moto. Maloji ena ali ndi kabokosi kamene onse amagawana mwezi ukatha, ena alibe. Funsani.

Funsaninso izi, ndipo mayankho alembedwe pa pepala. Kodi salale ndi ya miyezi 12, kapena mvula ikayamba amakutumizani ku tchuthi chosalipidwa? Mu 2020 ndi mu 2024 antchito anawatani? Yankho la funso limeneli mukalimve kwa mlonda kapena wochapa amene wakhalitsa pamalopo, chifukwa iwo ndi amene anazionera pafupi. Kodi penshoni amapereka? Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti, inu 5 peresenti, ndipo muzikhala ndi umboni woti ndalamayo ikufikadi kumene ikuyenera. Sabata ya ntchito m'malamulo athu ndi maola 48, pamene khitchini ya loji pa Khirisimasi imayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiye maola owonjezerawo amalipidwa bwanji? Za kanyumbako kumbukirani kuti nyumba ya ntchito imatha tsiku limene ntchito yatha. Werengerani lendi ndi thiransipoti imene mukuwononga ku Area 25, muonjezere pa salale ya ku nyanjayo, kenako muchotse mtengo wa zinthu za m'sitolo, zimene ku Chembe zimadula chifukwa zimayenda mtunda wautali, ndi ulendo wa ku chipatala cha ku Monkey Bay mwana akadwala malungo kapena likodzo. Masamu amenewa akhoza kukomera ku nyanja, makamaka ngati lendi yanu ya m'tauni ndi yaikulu.

Maganizo anga ndi awa, achimwene. Ngati bwanayo avomera kulemba kontirakiti ya chaka chonse, n'kufikitsa salale pafupi ndi imene mukulandira, pitani. Wophika amene wayendetsapo yekha khitchini ya loji amakhala ndi dzina lomulowetsa ku mahotela a ku Salima, ku Nkhata Bay, ngakhale ku makampu a ku Liwonde ndi ku Majete, kumene alendo anachuluka bungwe losamalira nyama za kuthengo la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangozo. Koma mupite nokha kaye. Alamu ndi ana atsale ku Area 25 mpaka mudutse nyengo ya mvula muli pa ntchitopo, muone ngati salale ya February ndi March yafika yonse komanso pa tsiku lake. Pa miyezi imeneyo muzikhala pa gombe m'mawa, muone okala zimene zilipo kale, zimene asodzi amagula ndi zimene amadandaula kuti zikusowa, kuti mpamba wa alamu usakalowe m'katundu amene wadzaza kale pa okala iliyonse. Akakana kulemba chilichonse n'kumangoti tidzaona mukafika, athokozeni mwaulemu, ndipo ntchito ya ku Old Town musaisiye.