Za tauni ya Kamikatsu yomwe mwafunsa ija

Achemwali, mwafunsa ngati kanema uja wa tauni ya ku Japan "yopanda zinyalala" ndi woona kapena ndi zongokometsera. Tauniyo ilipodi. Dzina lake ndi Kamikatsu, ili m'mapiri a chigawo cha Tokushima pa chilumba cha Shikoku, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera mumzinda wa Tokushima. Koma mawu oti tauniwo asakunamizeni. Ndi timidzi tomwazikana m'zigwa ndi m'mbali mwa mapiri, ponseponse nkhalango, anthu ake osapitirira 1,500. Oposa theka la iwo ndi okalamba, achinyamata ambiri anathawira m'mizinda.

Za zinyalalazo sikuti anayamba chifukwa chokonda chilengedwe kuposa anzawo ayi. Kale ankangotentha padzala. Kenaka anagula ng'anjo ziwiri zing'onozing'ono, koma boma litakhwimitsa malamulo a utsi wa poizoni, ng'anjozo zinatsekedwa, ndalama zomangira yatsopano kulibe. Ndiye mu 2003 khonsolo inalengeza kuti ikufuna kuthetseratu zinyalala, ndipo inali yoyamba kutero m'dziko lonselo. Galimoto yotola zinyalala khomo ndi khomo kulibe. Aliyense amatsuka mabotolo ndi zitini zake, n'kupita nazo yekha pamalo amodzi pomwe amazigawa m'magulu oposa 40. Chitini cha aluminiyamu kwake, chachitsulo kwake, ngakhale zotsekera mabotolo zili ndi pake. Zotsala za kukhitchini amapangira manyowa kunyumba. Zinthu pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zimagwiranso ntchito, pamene Japan yense ali cha pa 20. Ankafuna kuti pofika 2020 pasatsale kanthu, koma sizinatheke, zinthu ngati matewera a ana ndi a okalamba zimawotchedwabe. Apa ndi pomwe kanema wanu uja anawonjezera mchere.

Chaka cha 2020 chomwecho anatsegula nyumba yatsopano yosonkhanitsirako zinyalala, yomwe ukaiona uli m'mwamba imaoneka ngati chizindikiro cha funso. Mawindo ake mazanamazana ndi akale, anthu anachita kupereka. Pomwepo pali kahotela ndi kasitolo ka Kuru Kuru, komwe umasiya chinthu chomwe watopa nacho, wina n'kudzatenga ulere.

Ine yomwe imandigwira mtima ndi nkhani ya masamba, yomwe makanema ambiri amaidumpha. Mu 1981 kunagwa chisanu choopsa chomwe chinapha mitengo ya manachesi, yomwe alimi ankadalira. Mlangizi wina wa bungwe la alimi, a Tomoji Yokoishi, ali mu lesitilanti ku Osaka anaona atsikana akusirira masamba ofiira okongoletsera chakudya m'mbale. Iwo anangoti, si awa angoti mbwee m'mapiri mwathu? Pakuti chakudya cha ku Japan chimayendera nyengo, tsamba kapena duwa la pambale limanena kuti tili m'nyengo yanji. Atabwera nalo ganizoli anthu anawaseka, ena mpaka kukwiya kuti akuwasandutsa otola zinyalala. Mu 1986 anayamba ndi alimi anayi okha. Lero bizinesiyo, ya Irodori, imatumiza masamba ndi maluwa amitundumitundu m'mahotela a m'mizinda ikuluikulu. Ndipo eni ntchitoyo ndi azigogo, ena azaka zoposa 80, omwe m'mawa amayamba aona maoda pa kompyuta kapena tabuleti, n'kumalimbirana kuti atenge ndani. Tsamba silemera, nkhalamba imanyamula bwinobwino, pamene mabokosi a manachesi ankathyola msana.

Mukadzapeza mwayi wopitako, dziwani kuti mabasi ndi ochepa, bola kubwereka galimoto, ndipo misewu ndi yopapatiza, yokhotakhota. Mukaone minda ya mpunga yosanjikizana ngati masitepe ku Kashihara, kamudzi kena ka m'tauni momwemo. Akakupatsani tiyi wawo wa Awa bancha musadabwe kuti akuwawasa pang'ono, masamba ake amayamba awasasitsa mu migolo asanawayanike padzuwa.