Musanadule mapuloti, kakumbeni dzenje mu Febuluwale

Bambo wina wanditumizira imelo sabata yatha. Makolo anamusiyira malo a ekala imodzi ndi theka kumunsi kwa Matawale ku Zomba, njira yopita ku Jali, ndipo akufuna kuwadula mapuloti 16 a mamita 15 m'lifupi ndi 20 m'litali kuti agulitse. Funso lake linali lalifupi: "Kodi dothi lili ndi ntchito pa nkhani ya sepitiki, kapena zimenezo ndi za wogula?"

Achimwene, mawu akuti "za wogula" anandikhalitsa chete nthawi yaitali foni ili m'manja, chifukwa wogulayo ndinakhalapo ine.

Mu Okutobala 2018 ndinagula puloti mbali yomweyo ya mzinda. Kunja kunkatentha, udzu utapsa, pansi pali gwa. Dothi lake linali lakuda, long'alukang'aluka, ming'alu yoti chala chimalowa chonse. Ming'aluyo ndinaiona ndi maso angawa, n'kuganiza kuti malo ong'aluka chonchi ndiye ouma, madzi sangakhalepo. Wogulitsa anandionetsa mabikoni anayi, msewu, ndi polo ya magetsi imene inali chapafupi. Za madzi a m'dzinja sanatchule, inenso sindinafunse. Iyeyo anabadwira pomwepo. Ankadziwa bwino kuti mayi ake ankalima mpunga pamalo pamene ine ndinkati pakhale khitchini. Zimenezi ndinadzazimva patapita zaka ziwiri kwa agogo ena oyandikana nafe.

Mmisiri anakumba sepitiki mu Ogasiti chaka chotsatira, ndipo ntchito yake sindingainyoze: zipinda ziwiri, njerwa zootcha, pulasitala m'kati, silabu pamwamba. Pambali pake anakumba sokawe, dzenje lolowetsa madzi a sepitiki pansi, yakuya mamita awiri ndi theka n'kuthiramo miyala. Pansi pa dzenjelo panali pouma. Tinalowa m'nyumba mu Seputembala 2020, ndipo kwa miyezi itatu chimbudzi chogejemula chinkagwira ntchito popanda chodandaulitsa.

Kenako kunabwera Januwale. Poyamba linali phokoso chabe, ukagejemula paipi inkalira kuti gudugudu. Patapita masiku madzi anayamba kukwera mpaka m'milomo ya toileti, n'kumatsika pang'onopang'ono munthu utaima ukuwayang'ana, mtima uli m'mwamba. Kuseri kwa nyumba kunamera kamzere ka udzu wobiriwira kuposa wina uliwonse, ndipo ukapondapo phazi limatitimira. M'mawa wina ndinatenga chitsulo n'kutukula silabu ya sokawe. Madzi anali ndendende, atatsala chikhatho chimodzi kuti afike pa silabu. Ndinaitana galimoto yopopa, inapopa mpaka miyala kuonekera, ndinalipira. Tsiku lachitatu dzenje linali litadzazanso. Amene ankadzazamo sanali madzi a m'nyumba mwathu, anali madzi a pansi pa nthaka, a dambo lonselo.

Ndalama zinandiwawa, koma chimene sindiiwala n'china. Madzulo ena mayi wa puloti ya kumunsi kwathu anabwera pageti atanyamula kandowa koyera, mwana ali kumbuyo. Sanakalipe. Anangoti, "Aneba, tanunkhizani." Anali madzi a m'chitsime chawo. Mawa lake ndinayeza ndi chingwe kuchokera pa sokawe yanga kukafika pa chitsimecho, kudumpha mpanda: mamita 11. Mapuloti onse awiri tinagula kwa munthu mmodzi, sabata imodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti sepitiki imayeretsa madzi. Siyeretsa. Ntchito ya thanki ndi kudikhitsa: zolemera zimamira pansi n'kumaola, mafuta amayandama pamwamba, ndipo madzi apakati amatuluka kupita ku sokawe ali ndi tizilombo tawo tonse. Chimene chimayeretsa ndi dothi. Madziwo akamasefeka pang'onopang'ono m'dothi lokhala ndi mpweya, tizilombo toyambitsa matenda timatsakamira ndi kufera m'menemo. N'chifukwa chake malangizo a za ukhondo amene mabungwe ambiri amatsatira amati pansi pa dzenje pakhale mamita 1.5 a dothi musanafike pa madzi a pansi pa nthaka, ndipo chitsime kapena mjigo zitalikire mamita 30. Dothi likakhuta madzi, kusefako kulibe. Zonyansa zimangosakanikirana ndi madzi a pansi n'kumatsetsereka kupita kwa amene ali kumunsi.

Tsono tengani cholembera, achimwene. Puloti ya 15 ndi 20, mukayeza kuchokera pa ngodya kukafika pa ngodya ina modutsa pakati, ndi mamita 25. Mtunda wa mamita 30 mulibemo m'puloti imeneyo, ngakhale muike chitsime kukona ino sokawe kukona inayo, nyumba osaiwerengera. Ndiye pali aneba mbali zitatu, aliyense ndi sokawe yake. Mukadula mapuloti 16 pamenepo popanda madzi a m'mipopi, mwaika maenje 16 a zonyansa pakati pa zitsime 16, ndipo palibe wogula ndi mmodzi yemwe amene angakonze zimenezo, chifukwa malire mwakhoma kale ndinu. Apa ndiye sindikunyengererani: amene amadula malo ndi amene amasankha madzi amene ana a pamenepo adzamwe. Wogula amafika zitatha.

Ndipo Zomba si dothi limodzi. Anthu amene amakopera pulani ya sepitiki kwa mnzawo wa dera lina amaiwala zimenezi. Chakumtunda m'tsinde mwa phiri, ku Mulunguzi ndi ku Old Naisi, vuto ndi thanthwe ndi kutsetsereka. Ukakumba pang'ono piki yayamba kulira pamwala, ndipo madzi amene walowetsa pansi amayenda pamwamba pa thanthwelo n'kukatumphukira pakhomo pa mnzako wa kumunsi. Pakatikati pali katondo, dothi lofiira, lomwe nthawi zambiri limamwa madzi bwino ngati lili lakuya. Ukamatsikira ku chigwa cha nyanja ya Chilwa umakumana ndi makande, akuda aja. Makande amang'aluka m'chilimwe, koma akanyowa amafufuma n'kutseka ming'alu yonse, madzi osadutsanso. Ming'alu imene inandilimbitsa mtima ija inali chenjezo. M'mbali mwa mitsinje muli mchenga, umene vuto lake ndi losiyana: umamwa madzi mofulumira kwambiri moti sasefeka n'komwe.

Ndikamadutsa m'nyumba zakale za boma, za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, ndimayang'ana kukula kwa mabwalo ake. Kuseri kuli malo okwanira kuti madzi a sepitiki alowe pansi osafika kwa wina. Lero tikupanikiza nyumba zisanu pamalo ofanana ndi amenewo, pomwe mapaipi a suweji a mumzinda amafika m'madera ochepa chabe, ndipo ambirife timadalira maenje athu. Zonse zimene nthaka yalephera kusefa zimatsikira mu Likangala, Likangala n'kukazitula m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo. Matemba amene timagula ku Mpondabwino amachokera komweko.

Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inandipeza nditakonza kale zanga, komabe usiku ndinkagona ndikuganiza za kandowa koyera kaja. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, zimbudzi zokumba za m'dera lathu zinasefukira m'misewu, ana akudutsa momwemo opanda nsapato. Aliyense ankati ndi mvula. Mvula inalidi yoopsa, koma mapuloti ambiri amene anamira anali pamalo amene akuluakulu a pamenepo ankadziwa kuti ndi dambo kuyambira kalekale.

Musanamizidwenso kuti saveya akayeza ndiye kuti zonse zili bwino. Saveya amayeza malire, sayeza dothi. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti kudula malo kukhale ndi chilolezo, ndiye pulani yanu ipite ku khonsolo, ya mzinda kapena ya boma malinga ndi kumene malowo agwera, musanalandire ndalama ya munthu. Koma chidindo sichisintha makande kukhala katondo.

Ine kuti zitheke ndinakwirira sokawe ija, n'kugula mathiraki a dothi ndi mchenga kukweza mbali ina ya bwalo, n'kuyala paipi yobowolabowola m'ngalande zosazama za miyala ing'onoing'ono. Malo amene mkazi wanga ankafuna kudzalapo ndiwo anathera pamenepo. Mayi wa kandowa uja tinagawana naye mtengo wokokera mpopi, chitsime anasiya kuti chikhale chothirira maluwa.

Ndiye muchite chiyani?

Dikirani Febuluwale, nthaka itakhuta. Kumbani maenje akuya mamita awiri m'malo atatu kapena anayi, makamaka kotsika, muwatchinge kuti ana ndi mbuzi asagweremo, muwaone patapita masiku awiri. Madzi akalowa okha, lembani kuti afika pati. Yang'ananinso makoma a dzenje: dothi lotuwa la mawangamawanga ngati dzimbiri likukuuzani kuti madzi amakhala pamenepo chaka ndi chaka, ngakhale tsikulo pakhale pouma.

Kenako yesani kamwedwe ka madzi monga amachitira ku Britain. Pa kuya kumene paipi idzadutse, kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse ndi 30 kupita pansi, mudzaze madzi, agone usiku. Mawa lake mudzazenso, ndipo madzi akatsika gawo limodzi mwa magawo anayi, yambani kuwerenga nthawi imene atenge kutsika masentimita 15. Akatsika mphindi 30 zisanakwane, dothilo silisefa. Akapitirira maola anayi, silimwa. Bwerezani katatu.

Zimene mwapezazo ndi zimene zikuuzeni chiwerengero cha mapuloti. Mbali yotsika isakhale ya nyumba, ikhale dimba. Yotsalayo dulani mapuloti akuluakulu, ngakhale atsike kufika asanu ndi atatu, msewu wake wokwanira galimoto yopopa chifukwa thanki imafunika kupopa pakapita zaka zitatu mpaka zisanu. Pitani ku Southern Region Water Board mukafunse ngati paipi ingafike, ndipo pa pepala logulitsira mulembe mbali imene sokawe ya puloti iliyonse idzakhale, zonse zikhale mzere umodzi, kutali ndi chitsime chilichonse chimene chilipo kale.

Musanagwire khasu, kapezeni mayi wachikulire amene wakhala pamenepo zaka zambiri, mumufunse kumene ankalima mpunga ndi kumene achule amalira mu Januwale. Mukakumba, ndilembereninso mundiuze mtundu wa dothi limene latuluka pansi penipeni, ndi pamene madzi afika pa tsiku lachiwiri.